Wofunsa Naye Amadya Phula

Safunsa adadya phula. Mwambiwu timaponyera mwana amene akuchita manyazi kukweza dzanja m'kalasi, kapena mlendo amene wangotsetsereka ndi njira ya kumanda akuyesa ndi ya kumsika. Nkhani yake ndi ya munthu amene anapatsidwa chisa cha njuchi, ndipo poopa kuoneka mbuli sanafunse kuti chodyedwa n'chiti. Anatafuna phula, uchi ukudontha pansi. Akulu amathera pamenepo, ngati kuti ukangotsegula pakamwa n'kufunsa ndiye kuti uchi walowa. Ine ndimaona kuti Safunsa ali ndi mphwake amene sitimutchula: munthu amene amafunsa ndithu, n'kuyankhidwa zoona, koma n'kudyabe phula chifukwa anafika atagamula kale kuti yankho likhala lalikulu bwanji. Ameneyu ndi wovuta kumugwira, pakuti ukamudzudzula amakuonetsa umboni woti anafunsa. Malo amodzi amene amakonda kubisalako ndi m'kati mwa makompyuta.

Kwa Nchilamwela, mvula ikakhazikika mu Disembala, tiyi saona tulo. Mphukira zimatuluka mosapumira mpaka cha mu Epulo, ndipo miyezi imeneyi ndiyo imabala gawo lalikulu la tiyi wa chaka chonse. Wodutsa pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku boma la Thyolo amaona kubiriwira kokhakokha, ndi amayi ndi abambo atabereka madengu pakati pa mizere. Koma amene wagwirapo ntchito m'maesiteti amadziwa kuti tiyi amayenda pa manambala. Wotchola amalandira potengera makilogalamu amene sikelo yanena. Masamba akafika pafakitale amayezedwanso. Akayalidwa kuti afote, pali woyang'ana chinyezi chimene chatsala. Akadulidwa m'makina a CTC n'kuyamba kusintha mtundu, pali woyang'ana kutentha. Akalowa mowumitsira, chimodzimodzi. Matumba opita ku okushoni ya ku Limbe nawo sachoka osakwera pasikelo. Pamene Maclean Kay ankakhazikitsa esiteti ya Satemwa mu 1923, manambala otere ankadutsa m'diso la kalaliki ndi pensulo yake. Lero ambiri amadutsa pa waya.

Wayawo nthawi zambiri si wamakono ayi. Masikelo ambiri a m'mafakitale, kuno ngakhale kunja, amalankhulabe kudzera pa RS-232, njira ya m'zaka za m'ma 1960 imene imatumiza uthenga pang'onopang'ono, kachidutswa kamodzi pambuyo pa kanzake. Ndi yochedwa koma siivuta, ndipo opanga masikelo saona chifukwa choisiyira. Sikelo iliyonse imafuna poti yakeyake, polowera chingwe chake pa kompyuta. Kompyuta ya masiku ano imabwera ndi poti imodzi yotere, mwinanso osabwera nayo n'komwe, choncho wofuna kulumikiza masikelo ambiri amagula khadi ya mapoti 8 n'kuilowetsa m'kati mwa kompyutamo.

Tiyerekeze fakitale ina, pakati pa Januwale, masamba akusefukira. Mnyamata wa zamakompyuta wabwera kuchokera ku Blantyre, waika khadi ija, waika Linux yoyendetsa kompyutayo, walumikiza zingwe 8 mwadongosolo, chilichonse atachimata kapepala ka dzina la sikelo yake. Wayatsa. Masikelo atatu ayamba kutumiza manambala. Asanu ali duu.

"Achimwene, ya kumatumba ija siikulembatu," akutero kalaliki.

"Tadikirani pang'ono, achemwali, mwina ndi chingwe."

Asintha chingwe, palibe chosintha. Atenga sikelo yosalembayo n'kuisamutsira pa poti yoyamba, ilemba bwinobwino. Ndiye kuti sikelo ilibe mlandu. Apa maganizo amathamangira kuwiri: mphenzi, imene m'dzinja imawotchadi zipangizo kudzera m'mawaya aatali, kapena wogulitsa, amene mwina wamupatsa khadi yachinyengo. Thirakitala ina yafika kale panja, ndipo masamba aawisi akaunjikana nthawi yaitali amatentha n'kuyamba kufiira. Kalaliki abwerera ku pensulo.

Koma khadi ili bwino, ndipo kompyuta inanena kale chimene chachitika, kungoti inanenera kumalo kumene anthu sapitapita. Linux imasunga mbiri ya zimene inakumana nazo podzuka, imene munthu amaiwerenga polemba mawu oti dmesg. Mmenemo muli mzere wonena kuti driver ya 8250 yadzuka ndi mapoti 4. M'munsi mwake muli wina wonena kuti yalephera kulembetsa poti, ndipo chifukwa chake chaperekedwa ndi nambala yokha: -28. Mu Linux, 28 ndi nambala ya vuto la kusowa malo.

Driver ndi kapulogalamu kamene kamaima pakati pa chitsulo ndi mapulogalamu ena onse. Pulogalamu yolemba makilogalamu siidziwa za mawaya. Imangopempha kuti ipatsidwe poti yotchedwa ttyS5, ndipo driver ndiyo imadziwa kuti ttyS5 ali pati, amalankhulidwa bwanji. Driver ya 8250 ikamadzuka imajambula kaundula wake monga achitira kapitawo m'mawa: mizere poyamba, mayina pambuyo. Ikajambula mizere inayi ndiye kuti inayi basi. Poti imene kompyuta inabadwa nayo yatenga mzere woyamba. Kenako khadi ifika, ifunsidwa kuti ndi yani, iyankha, driver izindikira kuti ameneyu ndi wa mapoti 8, n'kuyamba kulemba: woyamba, wachiwiri, wachitatu, pepala latha. Asanu otsalawo alipo, magetsi akuwafika, masikelo akuwathira manambala, koma m'kaundula mulibe, ndipo kwa Linux chosalembedwa kulibe. Funso linafunsidwa, yankho linamveka. Chinasowa ndi poliika.

Nanga 4 ameneyu anachokera kuti? Mu 1981 kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake ya PC, imene polankhula ndi zipangizo zakunja inkadalira kachipangizo kotchedwa 8250, kopangidwa ndi National Semiconductor. Amisiri a IBM anapatula timalo tinayi mu memory tolembamo maadiresi a mapoti otere. Ndiwo COM1 mpaka COM4 amene achikulire a zamakompyuta amawakumbukira. Pa nthawiyo anayi anali mwanaalirenji, moti MS-DOS yeniyeniyo inadzayamba kuzindikira COM3 ndi COM4 mu 1987. Linus Torvalds atayamba Linux ku Helsinki mu 1991 ankalembera makompyuta a banja lomwelo, ndipo nambala ija inalowa nawo. Kachipangizo ka 8250 kanasiyidwa kalekale, m'malo mwake munalowa 16550, kamene kamatha kusunga mabayiti 16 podikira kuti awerengedwe. Koma driver ikutchedwabe 8250, ndipo amene akumanga kernel, phata la Linux, osasintha kalikonse amapeza 4 atakhala kale pampando. Ndiye kuti chigamulo cha amisiri a ku Boca Raton ku Florida chikhoza kutsekereza masikelo asanu m'mapiri a Thyolo patapita zaka zoposa 40.

Kunena zoona manambala ake ndi awiri. Yoyamba imaikidwa pomanga kernel, ndipo ndiyo malire osadumphika. Dzina lake ndi CONFIG_SERIAL_8250_NR_UARTS. Yachiwiri imanena mizere imene ijambulidwe podzuka, ndipo imeneyi mwini kompyuta akhoza kuisintha. Okonza Linux amasankha mosiyana. Ubuntu imadzuka ndi mizere 32, pamene Debian inakhala zaka zambiri pa 4. N'chifukwa chake khadi yomweyo imagwira bwino m'kompyuta ya mnzako n'kukanika m'yako, ndipo anthu awiri akhoza kukangana tsiku lonse onse akunena zoona.

Mankhwala ake ndi aafupi mochititsa manyazi. Mnyamata uja atsegule fayilo ya /etc/default/grub, awonjezere mawu oti 8250.nr_uarts=12 pa mzere wa zimene kernel imauzidwa podzuka, alembe update-grub, azimitse n'kuyatsanso. 12 ndi anayi akale aja kuphatikiza 8 a khadi. Akalemba nambala yoposa malire aja, driver imangoidula mwakachetechete, ndipo pamenepo palibe kuchitira mwina koma kumanga kernel ina. Ma kernel atsopano anafewetsako zinthu, driver imatha kudziwonjezera yokha mizere khadi ikafika, komabe siidumpha malire, ndipo makompyuta a m'mafakitale ndi a mtundu uja umene ukangoyamba kugwira ntchito palibe amene amalimba mtima kuukhudzanso kwa zaka.

Ambiri safika pa mzere umenewu. Amataya khadi m'kabati n'kukagula timaadaputa ta USB, kamodzi pa sikelo iliyonse. Timagwira ntchito ndithu, koma timabwera ndi tsoka lina: Linux imatipatsa mayina ttyUSB0, ttyUSB1, ttyUSB2 potengera kamene kayamba kuyankha. Wina akazula kamodzi posesa, kapena akasinthanitsa polowetsa, mayina akhoza kusinthana, makilogalamu a sikelo ina n'kumalembedwa pa dzina la inzake, popanda chenjezo lililonse. Njira yopewera ilipo, kugwiritsa ntchito mayina okhazikika a mu /dev/serial/by-id, koma nayo imafuna munthu amene anayamba waganiza kuti zoterezi zingachitike.

Komabe sindikufuna kunyoza amene analemba 4. M'masiku a makadi akale otchedwa ISA kufunsa kunalibe. Khadi inkangokhala pa adiresi imene mwini wake waisankha ndi timapini, ndipo driver inkachita kuyesa: kulemba kanambala pa adiresiyo n'kuwerenga ngati kabwerera momwemo. Kuyesa pa adiresi yolakwika, pamene pakhala chipangizo china, kunkatha kuumitsa kompyuta yonse. Ndiye inkayesa pa maadiresi odziwika okha, ena onsewo mwini kompyuta azinena yekha pogwiritsa ntchito pulogalamu ya setserial. Memory nayo inali yodula, ndipo mzere uliwonse umadya gawo lake ngakhale pasakhale wolembedwapo. Palinso chifukwa china chimene chikadalipo lero: kompyuta ikamakanika kudzuka, poti ya serial, ya RS-232 ija, ndiyo amisiri amamvera madandaulo ake, choncho imayenera kukhala yokonzeka mbali zina zonse za kernel zisanaimirire. Chinthu chodzuka m'mamawa chotere chimapatulidwiratu malo ake.

Intel itabweretsa njira yatsopano yolumikizira makadi yotchedwa PCI mu 1992, makadi anayamba kudzitchula okha: nambala ya kampani yopanga, ndi nambala ya mtundu wa khadi. Koma kutchula dzina si kunena kuti uli ndi mapoti angati. Mu fayilo ya 8250_pci.c muli mndandanda wautali, wolembedwa ndi anthu khadi ndi khadi, wonena kuti wakuti ali ndi awiri, wakuti anayi, wakuti 8, ndipo pambali pake pali gawo lina la makadi a khalidwe lachilendo amene amafuna kuwanyengerera mwapadera. Khadi imene mulibe m'ndandanda driver imachita kuiganizira. Pa timakompyuta ta ARM, monga Raspberry Pi, zipangizo zambiri siziyankha n'komwe. Pali fayilo yotchedwa device tree imene munthu analemba m'malo mwa chitsulo, kunena kuti pali mapoti angati, matchanelo angati, pa maadiresi ati. Munthuyo akalemba anayi pamene pali 6, driver imakhulupirira munthuyo. Kulikonse kumene ungafukule, kuseri kwa nambala kuli wina amene anakhala pansi n'kuganiza kuti izi zikwana.

Anthu a kuno safunika kuwaphunzitsa kuti nambala yolembedwa kutali ikhoza kugamula amene ali ndi malo. Makolo ambiri Achilomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique anakhala pa minda ya azungu mwa thangata: malo okhala ndi olima ankawalipira ndi thukuta. Lamulo la atsamunda la mu 1928 linalola mwini esiteti kuchotsa munthu mmodzi pa anthu 10 alionse zaka zisanu zilizonse popanda kupereka chifukwa. Linamulolanso kuthamangitsa mnyamata wobadwira pomwepo akafika zaka 16, ndi kukaniza mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa pamalopo kudzamanga nyumba. Kwa anthu a chikamwini, kukaniza mkamwini kunali kudula mudzi mizu. Thangata anadzathetsedwa mwalamulo mu 1962, koma kuchepa kwa malo olima m'mbali mwa maesiteti ndi nkhani imene mpaka lero siichedwa kutentha pabwalo la mfumu.

Si chilungamo kuyeza manambala awiriwa pa sikelo imodzi. Uja wa IBM anabadwa ndi kusinira, ndipo aliyense wodziwa polemba akhoza kumusintha madzulo amodzi, pakuti Linux siibisa zimene zili m'mimba mwake. Wa mu 1928 anabadwa ndi mphamvu, ndipo anthu anavutika zaka zambiri kuti achoke. Pamene amakumana ndi pamodzi pokha: wosiyidwa kunja kwa buku sangadandaule kudzera m'bukulo, chifukwa bukulo silimudziwa.

Apa ndiye pagona choopsa. Poti yowonongeka imachita phokoso: imatulutsa zilembo zosamveka, pulogalamu imalira, anthu amathamanga. Poti yosalembetsedwa siitulutsa kanthu. Pa masikelo vutoli limagwidwa msanga chifukwa pali kalaliki amene akudikira nambala ndi wotchola amene akudikira malipiro. Koma tiyeni tiike zoyezera kutentha m'malo mwa masikelo, 8 zomwezo, zitamwazikana m'fakitale, ndi pulogalamu imene imangowerenga mapoti onse amene yawapeza n'kutulutsa lipoti. Lipotilo lidzatuluka laudongo, masamu ake osalakwika. Lidzanena zoona zokhazokha za malo atatu, osatchula n'komwe kuti alipo ena asanu. Bwana adzasaina. Ngati ngodya imodzi ikupsereza tiyi, adzamva kwa wolawa tiyi kapena kwa ogula ku Limbe, masiku atapita. Makina anena zabodza? Ayi. Afunsidwa za amene ali m'buku, ayankha za amene ali m'buku.

Wina anganene kuti basi tizingolemba nambala yaikulu kulikonse. Pa mapoti a serial zimenezo sizipweteka kwenikweni masiku ano. Koma pa makadi a netiweki, amene amalumikiza kompyuta ndi inzake kapena ndi intaneti, nkhani imatembenuka. Khadi yamakono imagawa uthenga wobwera m'matchanelo angapo, iliyonse ndi njira yakeyake yoitanira purosesa, kuti ntchito isaunjikane pamodzi. Ukalemba ethtool -l ndi dzina la khadi, umaonetsedwa manambala a mitundu iwiri: amene khadi ingakwanitse, ndi amene aikidwa pakali pano. Mnyamata amene wangotulukira zimenezi amaona mpata pakati pa awiriwo ngati chuma chotayidwa, ndipo chala chimamuyabwa kuti alembe ethtool -L n'kukankhira mpaka kumapeto. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tchanelo iliyonse imatenga memory yake ndipo imasokoneza purosesa payokha. Matchanelo oposa mapurosesa amene alipo amangokanganirana omwewo. Ndiponso kukambirana kumodzi pakati pa makompyuta awiri kumayenda m'tchanelo imodzi basi, ngakhale atakhalapo 64. Mu ofesi ya pa esiteti, imene kuchedwa kwake kumachokera pa ulendo wa uthenga wopita ku Blantyre, kuchulukitsa matchanelo sikufulumizitsa kalikonse. Pa makadi ambiri kusinthako kumadulanso netiweki kwa kanthawi, ndiye wochita zimenezi masana a tsiku lolipira adzadziwana ndi anthu.

Nambala yabwino ndi imene yachokera pa kuwerenga zimene zilipodi: zingwe zingati, masikelo angati, mapurosesa angati. Kuwerenga kumeneku kumafuna kudzuka pampando, kukayang'ana kuseri kwa kompyuta ndi tochi, kuyenda mpaka kumene chingwe chathera. Ndaona kuti achinyamata athu ambiri a zamakompyuta, anzeru ndithu, mbali imeneyi amaiona ngati ntchito ya wina wotsika, pamene amisiri achikulire a zamagetsi m'mafakitale, amene mwina sanamvepo za kernel, sayamba chilichonse asanawerenge mawaya ndi chala.

Zimene walemba ndi ethtool zimafufutika kompyuta ikazima, ndipo m'dzinja magetsi sapempha chilolezo pochoka; ziyenera kulembedwa m'mafayilo amene amawerengedwa podzuka. Mzere wa mu GRUB uja umapirira kuzima, koma supirira munthu wobwera ndi fulashi yatsopano n'kuika Linux ina pamwamba. Mnyamata uja adzakhala atapita, mwina ku Lilongwe, mwina ku Johannesburg, ndipo wolowa m'malo mwake adzayamba ndi kusintha chingwe. Kapepala komata m'kati mwa chivindikiro cha kompyuta, konena kuti khadi iyi ndi ya mapoti 8 ndipo imafuna mzere wakutiwakuti, kangamupulumutse masiku angapo.

Pomaliza ntchito, kuwerenga mayina a ttyS amene aoneka sikokwanira. Pa kompyuta yodzuka ndi mizere 32, mayina onse 32 amaoneka ngakhale palibe chitsulo chilichonse kuseri kwake, ndipo pulogalamu yongotola mayina idzadikira manambala kwa anthu amene kulibe. Chonena zoona ndi fayilo ya /proc/tty/driver/serial: mzere wopanda mwini umalembedwa unknown, mzere wa poti yeniyeni umatchula mtundu wa kachipangizo kake ndi kuchuluka kwa zimene yalandira. Munthu mmodzi akhale pakompyuta, pulogalamu ili yotsegula, wina aziyenda ndi thumba la tiyi lodziwika kulemera kwake, kuliika pa sikelo iliyonse payokhapayokha mpaka zonse 8 zitatha, wapakompyutayo akuona kuti makilogalamu atuluka pa dzina loyenera ndipo ena onse sanasunthe.